A Namaona ndi Zitsulo Zimene Tinatsuka

Mawa chikwana chaka chiwaikire m'manda a Namaona, ndipo ana awo andipempha kuti ndikanene mawu pochotsa nsalu pa chiliza. Akuti ndisatalikitse, mphindi zitatu zokha. Ine, mphindi zitatu? Munthu amene ndinakangana naye zaka makumi atatu ndimumalize m'mphindi zitatu? Ndiye ndati bola ndilembe zonse pano, mawa ndikangoima n'kunena kuti anali munthu wabwino, monga anenera aliyense pamanda.

Ubwino anali nawo, koma kuphweka ayi. Pa msika wa Chonde anthu ankawatchula kuti a Musagwire. Njinga ziwiri zikawombana pamsika, asanafike ngakhale oseka, mumangomva mawu aja akuchokera kumbuyo kwa ogulitsa nanazi: "Musagwire! Musagwire kanthu!" Kenaka n'kutulukira kamdala kafupi, makutu aakulu, chingwe choyezera m'thumba la shati, maso pansi ngati kataya singano. Ovulala ankayamba awathandiza, zimenezo sindingawanamizire. Koma njingazo zinkagona pomwepo mpaka iwo ataona pamene tayala linayambira kukhwekhwereza.

Ine ndinali ndi tirumu pafupi ndi siteji ya basi. Tsiku lina m'mawa shelefu ya makapu inagwa, makapu onse phwaa! Ndinatenga tsache uku ndikutukwana bambo a kunyumba, chifukwa anakhoma shelefuyo ndi iwo. A Namaona anali pabenchi akumwa tiyi wawo wopanda shuga. Anandilanda tsache m'manja.

"Amake Joyisi, tadikirani kaye."

"Ndidikire chiyani? Makasitomala aponde magalasi? Ndipatseni tsache langa, bambo inu!"

Sanandipatse. Anagwada, n'kuyamba kutola misomali umodziumodzi, kuiyang'ana, kuinunkhiza. Basi ya ku Limbe inabwera n'kupita, anthu anga akukamwa tiyi kwa mnzanga wa patsidya. Patapita nthawi anandiitana n'kundionetsa mtanda umene shelefu inakhomedwapo. Anaubaya ndi chala, chala n'kulowa. Chiswe chinali chitaudya m'kati monse. Anati misomali ya amuna anga inali yabwinobwino, ndikawapepese, ndiponso ndiyang'ane mitanda ya denga lisanatigwere tonse. A Namaona ndinawanyanyalira masiku atatu. Denga tinalisintha mwezi womwewo, koma kupepesa kuja sindinapepese.

Ankakonda kunena kuti funso loti walakwa ndani limayankhidwa msanga, ndipo kawirikawiri limagwera wosauka amene anali pafupi, pomwe funso loti chinayamba n'chiyani limadya nthawi koma ndi lokhalo limene limaletsa kuti zichitikenso. Ankanena zimenezi paliponse, pamaliro, pa mlandu wa mbuzi, ngakhale kwa abusa denga la tchalitchi litadontha. Anthu ankatopa nawo. Ine ndinkatopanso, koma sindinkatha kuwathamangitsa, chifukwa ndinkadziwa kumene funso limenelo linatichotsa ife a pabanja pathu.

Asanakhale mdala wa pamsika, a Namaona anali munthu wa boma, ku ofesi ya za ndege ku likulu. Anali mwana wa konkuno, makolo awo anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo monga athu, ndipo anaphunzira za injini za ndege kunja. Ntchito yawo inali kuyendera ndege n'kusayina kuti ikhoza kuuluka. Ndege ikagwa, wofufuza chimene chaigwetsa analinso iwo omwewo. Ankati ofesi yonse yofufuza ngozi inali iwo, mpando umodzi ndi chikwama. Chaka ndi chaka ankalemba kalata yopempha anthu: wina wodziwa za kayendetsedwe ka ndege, wina wa nyengo, ndipo onsewa asakhale amene amasayina zilolezo. Chaka china anawatumizira kabati yachitsulo. Chaka china anawayankha kuti kuno ndege sizigwagwa, kupempha ofufuza ambiri kuli ngati kulosera dziko tsoka. M'masiku a chipani chimodzi mawu otere sunkawayankha, unkangoti zikomo bwana.

Tinadziwana nawo chifukwa cha achimwene anga a Dayisoni. Iwo ankagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi m'munsi mwa phiri, pa kabwalo ka udzu pomwe pankatera kandege kothira feteleza m'minda. Ntchito yawo inali kupopa mafuta kuchoka m'migolo kupita m'ndegemo, kuwasefa ndi chikopa chofewa kuti madzi asadutse. Ankanyadira ntchitoyo moti kunyumba tinkawaseka kuti ngakhale thobwa aziyamba alisefa.

Lachisanu lina, dzuwa litakwera pang'ono, kandegeko kanadutsa cham'munsi pamwamba pa mudzi wathu. Tonse tinamva injini ikutsokomola, kawiri, katatu, kenaka zii. Kanakagwera kumapeto kwa tiyi, pamalire ndi minda yathu ya chinangwa. Woyendetsa, mzungu wa kunja amene ankatigwedezera mapiko tikamamubayibitsa, anafera pomwepo. Thupi lake analitengera kuchipatala cha mishoni.

Zimene zinatsatira n'zochititsa manyazi, koma ndinena. Madzulo asanafike, theka la ndege ija linali litalowa m'mudzi. Chitsulo chopepuka chosachita dzimbiri ngati chija tikanachisiya bwanji? Wina anaona chivundikiro cha mphika, wina chitseko cha khola, wina zipande. Inenso ndinatola changa m'munda mwathu, chitsulo chonga chubu chachikulu chophwatalala kukamwa, chopindika, ndipo ndinati nkhuku zanga zizidyeramo.

Loweruka m'mawa kunabwera galimoto ndi apolisi osavala yunifolomu, n'kuwatenga a Dayisoni. Tinamva kuti Lolemba lotsatira kandegeko kanayenera kunyamula wamkulu wina wa chipani kuti akaone minda ali m'mwamba. Tinamvanso kuti injini ikatsokomola ndiye kuti m'mafuta muli madzi. Kuwonjezera apo, sabata yapitayo achimwene anali atawoloka malire kukaika malume athu, nkhondo ikumveka kale kutsidyako. Atcheyamani a chipani a dera lathu anaphatikiza zitatuzi n'kupeza dzina limodzi: chiwembu. Munthu wotengedwa ndi dzina limenelo sankapita kukhoti. Ankangopita, ndipo abale ake ankaphunzira kusatchula dzina lake pagulu. Mkazi wa achimwene anali ndi pakati pa mwana woyamba.

A Namaona anafika Loweruka lomwelo masana, pa basi, okha, chikwama m'manja. Anapeza anyamata a chipani akuyenda khomo ndi khomo ndi zibonga, akuti aliyense wopezeka ndi chitsulo cha ndege ndi mnzake wa Dayisoni. Mukuganiza zitsulo zinabwerera? Zinalowa pansi pa mphasa, m'nkhokwe, m'maenje a nthochi. Ine changa ndinachikwirira m'nkhokwe pansi pa chimanga, poti ndine mlongo wake wa munthu wogwidwa. Chikanapezeka pakhomo pathu, tikanamaliza tokha mlandu wa achimwene.

Anayamba ndi migolo ya mafuta. Anaipima yonse, madzi osapezeka. Atcheyamani anati Dayisoni anasintha migolo. Thanki ya ndege inali itang'ambika, mafuta onse atamwedwa ndi dothi, choncho panalibe chowatsutsira. Ndiye a Namaona anapempha njereza kwa aphunzitsi aakulu, n'kujambula ndege yonse pa bwalo la mpira la sukulu, mutu, mapiko ndi mchira, kukula kwake kwenikweni. Lamulungu anaima m'tchalitchi mapemphero atatha. Anayamba ndi Chilomwe, kupereka moni kwa azimayi achikulire, mpaka ena anaseka poona munthu wa tayi akuyankhula ngati wa kumunda. Anati iwo sanabwere kudzagwira munthu. Aliyense abweretse chimene anatola, achiike pambali pa bwalo Lachiwiri m'mawa, dzina safunsa, ndipo anyamata a zibonga awapempha kuti akhale kutali. Anati ndege yakufa imayankhula, koma imafuna ziwalo zake zonse.

Anthu anawakhulupirira, ndipo woyamba anali amayi anga. Lolemba anayenda okha nyumba ndi nyumba kuchonderera azimayi anzawo kuti atulutse zitsulo, mwana wawo apulumuke. Koma kwathu kuno chinthu cha mwini sichibwezedwa chakuda. Ukabwereka mphika, umaubweza utaukwecha mpaka kunsi. Nanji chinthu cha boma, nanji chokhala ndi magazi. Pa zitsulo zina za kutsogolo panali magazi ouma, ndipo amayi anati si bwino magazi a munthu wakufa aziwonekera pa bwalo la ana, ntchentche zikutera. Anasonkhanitsa azimayi a mpingo kumtsinje ndi mchenga, phulusa ndi zikonyo za chimanga. Anakwecha tsiku lonse akuimba nyimbo za maliro, kumulira mzungu uja. Ine ndinali nawo, ndinakwecha nawo za anzanga, changa chili m'nkhokwe.

Lachiwiri m'mawa zitsulo zinali ndandanda pambali pa bwalo, mbee, kuwala ngati mbale za paukwati. A Namaona anafika, n'kuima. Anavula chipewa. Anatola chimodzi, kuchitembenuza, kuchinunkhiza, kenaka anangokhala pansi pa udzu wonyowa ndi buluku lawo la boma.

"Mayo ine. Amayi, mwachita chiyani?"

Amayi anagwada chapatali, akumwetulira, poganiza kuti bwana wadabwa ndi ukhondo wathu. "Tatsuka, bwana. Mukanatiyesa anthu auve."

"Munachotsapo chiyani?"

"Magazi a malemu aja. Ndi tinthu tina tonga ubweya tomatirira."

"Tonga ubweya? Munataya kuti?"

"Madzi anatenga, bwana."

Ndinayembekeza kuti akalipa, chifukwa nkhope inali itasintha. Koma anangoti cholakwa ndi chawo. Anati iwo anakulira konkuno, amawo ankakwecha mphika wobwereka chimodzimodzi, ndipo m'tchalitchi muja anayenera kunena kuti musatsuke. Anatifotokozera kuti mwaye, mafuta, dothi, magazi, zonsezo ndi zimene iwo amawerenga, monga aphunzitsi awerengera buku. Amayi atamvetsa kuti akwecha ndi manja awo umboni umene mwina ukanatulutsa mwana wawo, analira kulira kumene sindinakumvepo, ngakhale pa maliro a abambo. A Namaona anawagwira dzanja, nati: "Chitsulo chimodzi chokha chakuda chikanandiuza zoona. Koma ndisakunamizeni, amayi. Zoonazo zikhoza kumukomera mwana wanu, zikhozanso kumupweteka. Ine ndidzalemba zomwe ndapeza."

Tsiku lomwelo uthenga unabwera pa lamya ya ku esiteti kuti bwana wawo ku likulu akufuna lipoti Lachisanu, ndipo akuluakulu akudziwa kale chimene chinachitika, chatsala n'kusayina.

Lachitatu m'nkhokwe mwathu munayamba kununkha. Bambo a kunyumba, amene tinali titangokwatirana kumene, anati ndikachiponye m'chimbudzi chinthucho chisanatiitanire anyamata a zibonga. Ndinachifukula n'kupita nacho mpaka pakhomo pa chimbudzi. Ndinaima pamenepo. Ndinkaopa chipani, ndinkaopanso mawu aja oti zoona zikhoza kupweteka. Nanga achimwene akanakhala kuti tsiku limenelo anaiwaladi kusefa? Koma ndinkawadziwa achimwene anga. Ndinabwerera nacho, n'kuchiika m'dengu, pamwamba n'kuthira nandolo.

Lachinayi m'mawa ndinadutsa anyamata a chipani pa mphambano dengu lili pamutu. Mmodzi anandifunsa kadi ya chipani, ndinamuonetsa, wina anatapa nandolo wodzaza dzanja n'kundilola. A Namaona ndinawapeza okha pabwalo, akuyala zitsulo zoyera zija m'malo mwake pa chithunzi cha njereza. Kumutu kwa ndege, pansi pa injini, panali malo opanda kanthu. Ndinatula dengu n'kugwada.

"Bwana, mundikhululukire. Ichi sindinatsuke. Chikununkha."

Anakankha nandolo ndi dzanja, fungo n'kuwapeza. Munthu wamkulu, wa tayi, analumpha ngati wagoletsa chigoli. "Chikununkha! Achemwali, Mulungu akudalitseni chifukwa cha uve wanu!" Mpaka imfa yawo ankandiseka ndi mawu amenewo pamaso pa makasitomala anga, ine n'kumawaopseza kuti ndiwathira madzi otentha.

Anati chitsulocho ndi mphuno ya injini, mmene imakokera mpweya. Sanachitsegule msanga. Anaitanitsa atcheyamani ndi aphunzitsi aakulu kuti aone ndi maso awo, kenaka anachiwongola pang'onopang'ono n'kuyamba kutulutsa zam'kati ndi kapani. Munatuluka nthenga zakuda zothinana ngati chitsekerero cha botolo, mafupa, ndi chala chimodzi chokhala ndi chikhadabo chotalika ngati chala changa chaching'ono. Atcheyamani anayang'ana ine, n'kuyang'ana nthenga zija.

"Nkhuku iyi. Mtsikanayu waikamo yekha kuti apulumutse mlongo wake."

A Namaona anatola chikhadabo chija. Anakulunga chikhadabocho m'kampango, n'kupempha atcheyamani mwaulemu kuti awaperekeze ku Likhubula, kwa anthu onyamula katundu wa alendo okwera phiri. Anandiuza kuti nditsagane nawo. Kumeneko anafunsa mkulu wa onse, mdala wina amene anakalambira m'njira za m'phirimo. Mdalayo anatenga chikhadabo, kuchiyang'ana kamodzi kokha, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Nkhuku yake iti, atcheyamani? Mukanakhala ndi nkhuku ya zala zotere, bwenzi ikukudyani ndinu. Ichi n'chiwombankhanga." Analoza thanthwe lina m'mwamba. "Apo pamakhala ziwiri, chachimuna ndi chachikazi, zaka zonsezi. Chiyambire sabata yatha chikuzungulira chimodzi chokha. Timadabwa kuti chinzake chapita kuti."

Atcheyamani anasayina pepala la umboni, nkhope ili gwaa. Pobwerera ine ndinkangofuna kuvina mumsewu. Koma ndinadabwa kuti chisangalalo cha a Namaona cha m'mawa chapita kuti. Chifukwa chake ndinachidziwa patapita zaka, atandiuza okha pa benchi ya tirumu.

Pakamwa pa mphuno ija pamayenera kukhala sefa wa waya wotchinga zinthu kuti zisalowe. Sefayo anali atabooka, ndipo m'mphepete mwake munali dzimbiri lakale, osati kuthyoka kwa tsiku la ngozi. Akanakhala wolimba, mwina mbalame ikanangomenya n'kugwa, injini n'kumapumabe. Munthu amene anayendera ndege imeneyo miyezi ingapo m'mbuyomo n'kusayina kuti ili bwino anali a Namaona eni ake. Tsiku limenelo anali ndi ndege zitatu zoti aone, m'malo awiri, ndi basi imodzi yoti asaiphonye. Sefayo sanamugwire n'chala.

Taganizani. Palibe wina aliyense m'dziko muno amene akanadziwa za dzimbiri limenelo. Atcheyamani sakanalizindikira, bwana wa ku likulu sanali munthu wa injini. Akanangolemba za mbalame n'kusiyira pomwepo. Akanalembanso chiwembu monga ankafunira akuluakulu, n'kukwezedwa pantchito. Ine ndinawafunsa kuti bwanji sanangotchula mbalame yokha, poti achimwene akanatulukabe. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, nati ndege zina za mtundu womwewo zinali kuulukabe ndi sefa wotero, ndipo oyendetsa ake analinso ndi akazi ndi ana.

Lipotilo analitaipa okha pa makina a ku sukulu, ndi pepala la kaboni kuti likhale ndi kope. Nkhani ya mmene analiperekera ankaisimba ngati ya mpira, akusintha mawu. Bwana wawo atawerenga anatseka chitseko.

"Namaona, mwapenga? Munthu tamugwira kale. Akuluakulu auzidwa kale. Inu mukudziikiranji khosi pa mpeni?"

"Bwana, mukamusunga Dayisoni m'ndende, ziwombankhanga sizimva kuti mlandu watha."

"Chabwino, mbalame ikhale. Koma za sefazi chotsani. Ndi tsamba lomalizali, mukuphunzitsa boma ntchito?"

Tsamba lomalizalo linkanena zomwe ankalemba chaka chilichonse, koma tsopano ndi dzina lawo ngati chitsanzo: kuti wosayina chilolezo asamadzifufuze yekha, kuti ofufuza akhale angapo, ndipo lipoti lawo lisamadutse m'manja mwa anthu amene lingawakhudze. A Namaona anayankha kuti kuchotsa sikungathandize, chifukwa malamulo a za ndege, amene boma lomwelo linavomera, amati dziko limene linapanga ndegeyo lilandire lipoti, ndipo iwo monga wantchito womvera malamulo anali ataponya kale kope lake pa positi ofesi asanakwere basi. Ankati bwanayo anakhala pansi ngati mmene iwo anakhalira pa udzu tsiku la zitsulo zoyera. Ankaseka akamasimba, koma akazi awo anandiuza kuti mwezi wonse umenewo a Namaona ankapita ku ntchito atavala majuzi awiri, kuti akawatenga asakazizidwe.

Sanawatenge. Kalata itabwera kuchokera kunja yothokoza boma chifukwa cha kufufuza kosabisa kanthu, zinavuta kumanga munthu amene wayamikiridwa, zinavutanso kusunga Dayisoni pa mlandu wa mbalame. Koma a Namaona sanawasiye pa mpando. Anawatumiza ku kabwalo ka ndege kakutali kumpoto kuti azikayeza mvula, mpaka anapuma ntchito n'kubwerera kuno kudzakonza mapampu ndi injini za zigayo.

Achimwene anatuluka patatha miyezi inayi, miyendo itatupa, mutu atametedwa mpala. Galimoto inangowatsitsa pa Chonde osanena kanthu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumudzi, ndipo anapeza mwana wawo ali ndi masabata awiri. Amayi anawasambitsa okha ngati khanda, akulira, akuseka. Ana ena asanu ndi mmodzi anabadwa pambuyo pake.

Chipani chimodzi chisanathe, tsiku lina galimoto ya boma inaima pa tirumu panga. Galimoto zotere tinkazidziwa. Munatuluka amuna awiri ndi mayi mmodzi, kufunsa a Namaona. Anati alembedwa ntchito yofufuza ngozi za ndege, yokhayo basi, osasayina zilolezo, ndipo m'kabati ina yachitsulo apeza lipoti lakale limene akufuna mwini wake awafotokozere. A Namaona anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nawafunsa ngati nsapato zopolisha zimenezo zinapondapo matope. Kenaka anawasunga masiku atatu, kuwayendetsa m'minda ya chinangwa mu mvula yozizira ya chiperoni, kuwaphunzitsa kufunsa azimayi asanafunse mabwana. Alendowo atapita ndinafunsa a Namaona ngati tsopano akhutira. Anati atatu ndi chiyambi chabwino, koma lipoti lawo likudutsabe pa tebulo lolakwika, ndipo anandibwereka cholembera kuti alembe kalata ina. Mayi uja anabwera pa maliro awo, tsitsi litayamba imvi, ndipo anakhala pansi ndi ife azimayi kusenda nawo masamba.

Chimene a Namaona sankalola ndi kuthokozedwa. Iwo atangobwerera kuno kuchokera kumpoto, achimwene anapita ndi tambala ndi thumba la makaka, chinangwa chouma chija, n'kugwada pakhomo pa shedi yawo yokonzeramo injini, kuseri kwa chigayo. A Namaona anawadzutsa mokalipa. Anati iwo sanapulumutse munthu, anangolemba zomwe anaona, ndipo pa nkhani imeneyo pali munthu amene anafa chifukwa iwo anathamangira basi, choncho zikomo sakumufuna. Anati ngati a Dayisoni akufuna kukhala, akhale pa benchipo awagwirire sipanala. Achimwene anakhala. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ankapita kushediko, mmodzi mbali iyi ya benchi, wina mbali inayo, kukangana za mpira ndi za mvula. Achimwene akangoyamba kuti "Komatu bambo, pajapa mukanapanda inu," a Namaona ankaliza injini kuti asamve.

Dzulo ndinadutsa kushediko. Malata ayamba kuchita dzimbiri, ndipo mpungabwi wamera pakhomo pomwe pankaima mawilibala a anthu odikira mapampu awo. M'kati masipanala akadali pa misomali yawo, kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu. Pa tebulo pali pampu ya munthu wina imene anaimasula osaimaliza, mabawuti ake ali m'chitini cha sadini. Chigayo chinali chitazima, ndiye kunali zii.

Achimwene ndinawapeza momwemo, pa benchi, mbali yawo, ndodo ili pakati pa miyendo. Mbali inayo thabwa linasalala n'kulowa pang'ono. Sanandione. Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo, n'kutembenukira malo opanda munthuwo.

"Bambo, lero mulibe injini yoti mulize," anatero. "Ndiye mumva basi. Zikomo."

Ndinawasiya akhale kaye, kenaka ndinalowa n'kuwagwira mkono, tinapita kukamwa tiyi.